García: Dzina la Anthu Mamiliyoni Lopanda Kholo Limodzi

Mwa anthu 100 alionse okhala ku Spain, pafupifupi atatu dzina lawo la makolo ndi García. Kaundula wa nthambi ya boma yoona za chiwerengero cha anthu m'dzikolo, ya Instituto Nacional de Estadística, amasonyeza kuti anthu oposa 1.4 miliyoni ali ndi dzinali ngati loyamba mwa mayina awo awiri a makolo, ndipo enanso ochuluka chimodzimodzi ali nalo ngati lachiwiri. Pa mayina amene amabwera pambuyo pake, Rodríguez, González ndi Fernández, palibe ndi limodzi lomwe limene lafika pa miliyoni. Kutsidya kwa nyanja ya Atlantic zinthu sizikusiyana kwenikweni. Ku Mexico dzinali limangogonjera Hernández. Ku United States linali pa nambala 18 pa mndandanda wa kalembera wa 1990, linakwera kufika pa nambala 8 mu 2000, ndipo pa kalembera wa 2010 linali pa nambala 6, litadumpha mayina akale achingerezi monga Miller ndi Davis. Ngakhale ku Philippines, ku Asia, mtsogoleri wa dziko kuyambira 1957 mpaka 1961 anali Carlos P. Garcia. Munthu akaona ziwerengero zoterezi amafulumira kuganiza kuti kalekale kunali kholo lina lobereka modabwitsa, lomwe zidzukulu zake zinadzaza mayiko onsewa. Ine ndikuti sizili choncho. Dzinali linachuluka pa zifukwa zitatu. Linali dzina la ana aamuna lokondedwa kwambiri zaka 1,000 zapitazo, ansembe ndi alembi a boma analikhazikitsa m'kaundula kuti lisamasinthenso, ndipo ufumu wa Spain unkapereka mayina ake kwa anthu amene unawagonjetsa. Dzinali ndi mboni yoona, koma umboni wake ndi wa mbiri ya anthu ambirimbiri, osati wa mzere wa banja limodzi.

Kuti izi zimveke, tiyambe tachotsa m'maganizo chinthu chimene tinachizolowera. Kwathu kuno Phiri akakumana ndi Phiri mnzake amaonana ngati abale, ngakhale wina achokere ku Dedza wina ku Katete, chifukwa mfunda umanena za gwero limodzi la makolo. Dzina la García si mfunda. Likufanana kwambiri ndi zimene zimachitika mwana akamalembetsa sukulu, aphunzitsi n'kufunsa dzina la bambo, iye n'kutchula Yohane kapena Petulo, dzinalo n'kukhala la ana ndi zidzukulu zonse za m'tsogolo. Ana a Yohane wa ku Mulanje ndi ana a Yohane wa ku Mchinji alibe ubale ulionse, kungoti abambo awo anabatizidwa dzina lofanana. Umu ndi momwe García linayambira. Lisanakhale dzina la banja, linali dzina la munthu mwini, lomwe makolo ankapatsa khanda lachimuna. M'zikalata zakale zosungidwa m'nyumba za amonke kumpoto kwa Spain limalembedwa mosiyanasiyana, pena Garsea, pena Garsia, ndipo limaima poyamba, pamalo pamene lero pamakhala Juan kapena José. Linakhalabe choncho mpaka m'zaka za m'ma 1500. Mzungu woyamba kuona chigwa cha Grand Canyon mu 1540 anali García López de Cárdenas, ndipo García Hurtado de Mendoza analamulira Chile kuyambira 1557, kenako Peru. Kwa amuna awiriwa, García linali dzina limene amayi awo ankawaitanira. Masiku ano kupeza mwana wopatsidwa dzinali ngati loyamba n'kwa apo ndi apo, moti anthu ambiri a ku Spain komweko sadziwa kuti linayamba choncho.

Tanthauzo lake ndi nkhani imene akatswiri a zilankhulo akhala akukokana nayo. Mayina ambiri otchuka a ku Spain gwero lake ndi lodziwika. Rodrigo, Gonzalo ndi Fernando anabwera ndi anthu a mtundu wa Visigoth, omwe ankalankhula chilankhulo chapachibale ndi Chijeremani ndipo analamulira dzikolo ufumu wa Aroma utagwa. Martín ndi Lope anachokera ku Chilatini. García silipezeka m'magulu onsewa. Akatswiri ambiri amaloza kumapiri a Pyrenees, kwawo kwa anthu a mtundu wa Basque, amene chilankhulo chawo, Euskara, chinalipo Aroma asanafike ndipo chilibe ubale ndi Chilatini. Ramón Menéndez Pidal ndi Antonio Tovar analumikiza dzinali ndi liwu la hartz, kutanthauza chimbalangondo. Maganizo amenewa ali ndi poima, chifukwa anthu a kuderali ankakondadi kutcha ana mayina a nyama zolusa. Lope ndi mmbulu m'Chilatini, ndipo Ochoa ndi mmbulu womwewo m'chilankhulo cha Euskara. Alfonso Irigoyen, katswiri wa ku Bilbao, anatsutsa zimenezi n'kunena kuti gwero lake ndi liwu limene lero limatchulidwa kuti gaztea, kutanthauza wamng'ono kapena mnyamata. Mkanganowu ndi wofunika kwa ophunzira zilankhulo, koma pa funso lathu la kuchuluka kwa dzinali sukusintha kanthu. Mlimi wa ku Burgos kapena ku León amene ankatcha mwana wake García m'zaka za m'ma 1000 sankalankhula Euskara. Sankaganiza za chimbalangondo kapena za unyamata. Ankaganiza za anthu amene anali ndi dzinalo.

Anthuwo anali mafumu. García Íñiguez, mwana wa Íñigo Arista, anayamba kulamulira Pamplona cha m'ma 851. Patangopita mibadwo iwiri dzinali linali litadutsa malire. Mfumu Alfonso III ya ku Asturias inatcha mwana wake wachisamba García, ndipo ameneyu analamulira León kuyambira 910 mpaka 914. Ku Castile, García Fernández anagwira ulamuliro kuyambira 970 mpaka 995, akulimbana ndi asilikali a mtsogoleri wa Asilamu, Almanzor, ochokera ku Córdoba. Mu 1054 mfumu García Sánchez III ya ku Pamplona inaphedwa pa nkhondo ya ku Atapuerca pomenyana ndi mbale wake Fernando I. Fernando yemweyo anali ndi mwana dzina lake García, amene anapatsidwa ufumu wa Galicia mu 1065. Mu 1134 García Ramírez anadzutsanso ufumu wa Pamplona. Choncho m'zaka zosakwana 300, dzina lochokera m'zigwa za Pyrenees linali litakhala pa mipando yaufumu kuyambira kum'mawa mpaka kugombe la Atlantic. Anthu wamba amatsata kumene akuluakulu apita. Nduna zinkatcha ana awo mayina a mafumu, asilikali ankatengera nduna, ndipo alimi ankatengera eni malo amene ankawalimira kapena amene anawaimira ana pa ubatizo. Mayina a amuna amene ankagwiritsidwa ntchito masiku amenewo anali ochepa, moti limodzi likatchuka linkapezeka pafupifupi m'mudzi ulionse.

Apa wina angatsutse n'kunena kuti, ngati dzinali linafala kudzera m'mafumu, ndiye kuti a García a lero ndi zidzukulu za mafumuwo. Yankho lili m'banja lomwelo la olamulira Castile, ndipo ndi bwino kuliyang'ana pafupi. Gonzalo Fernández anabereka Fernán González, amene anamwalira mu 970. Fernán González anabereka García Fernández. García Fernández anabereka Sancho García, amene analamulira kuyambira 995 mpaka 1017. Sancho García anabereka García Sánchez, mnyamata amene anaphedwa mumzinda wa León atapita kukakwatira. Imeneyi ndi mibadwo isanu ya bambo ndi mwana, magazi amodzi, koma mayina achiwiri ndi anayi osiyana: Fernández, González, García ndi Sánchez. Dzina lachiwiri silinkapita kwa mdzukulu. Linkangonena kuti uyu ndi mwana wa uje, ndipo linkafa limodzi ndi mwini wake. Mathero akuti -ez ndiwo ankagwira ntchito imeneyi, moti mwana wa Rodrigo anali Rodríguez, wa Sancho anali Sánchez, wa Lope anali López. Msilikali wotchuka uja, El Cid, anali Rodrigo Díaz chifukwa bambo ake anali Diego, ndipo mwana wake anali Diego Rodríguez. Ku Pamplona ndi ku Aragon mwana wa García kawirikawiri ankatchedwa Garcés, monga Sancho Garcés I amene analowa ufumu mu 905. Koma ku Castile ndi ku León dzinali nthawi zambiri linkangosiyidwa momwe lilili, ngati mmene taonera pa Sancho García. Tikaona munthu wa nthawi imeneyo ali ndi García pambuyo pa dzina lake, chimene tikudziwa n'chakuti bambo ake ankatchedwa García. Za agogo ake dzinalo silitiuza kanthu.

Kusintha kunabwera pang'onopang'ono, kuyambira m'zaka za m'ma 1200 kupita m'tsogolo. Mabanja anayamba kusunga dzina limodzi osalisintha, makamaka pamene panali munda, nyumba kapena udindo woti usiyidwe kwa ana. Palibe lamulo limene linalengeza tsiku loyambira. M'mudzi wina dzina linakhazikika pa m'badwo uwu, m'mudzi wina pa m'badwo wa zidzukulu, ndipo paliponse pamene bambo wa m'badwo umenewo anali García, panabadwa banja latsopano la a García losadziwana ndi ena onse. Mabanja oterowo analipo osawerengeka. Nthawi yomweyo maufumu achikhristu a kumpoto ankalanda malo kwa Asilamu a kummwera, Toledo mu 1085, Córdoba mu 1236, Seville mu 1248, ndipo ankagawira minda ndi nyumba kwa anthu ochokera kumpoto, amene ankabwera ndi mayina awo. Ulendo wina waukulu unachitika m'zaka za m'ma 1950 mpaka 1970, pamene anthu a ku Andalusia, Extremadura ndi Murcia anakhamukira kumafakitale a ku Barcelona ndi Bilbao. N'chifukwa chake lero García ndilo dzina lochuluka kwambiri ku Barcelona, kuposa mayina a eni dera monga Puig kapena Ferrer. Madera amene sagonjera García nawonso akuphunzitsa zomwezo. Ku Asturias patsogolo pali Fernández, ndipo mumzinda wa Melilla, womwe ndi wa Spain koma uli kugombe la kumpoto kwa Africa, patsogolo pali Mohamed. Palibe amene anganene kuti a Mohamed onse a ku Melilla ndi banja limodzi. Ndi dzina la abambo ambiri limene mlembi wa boma analisandutsa dzina la banja, monga zinachitikira ndi García zaka mazana angapo m'mbuyomo.

Ngakhale mayina atayamba kukhazikika, panatenga nthawi yaitali kuti mwana azikakamizika kutenga dzina la bambo ake. Teresa Woyera wa ku Ávila, amene anabadwa mu 1515, anali mwana wa Alonso Sánchez de Cepeda ndi Beatriz de Ahumada. Mwa abale ake a mimba imodzi, ena ankadziwika kuti Cepeda, monga Lorenzo, ena kuti Ahumada, monga Juana, ndipo dzina la Sánchez linangozimirira. Katswiri wojambula zithunzi Diego Velázquez, wobadwa ku Seville mu 1599, anatchuka ndi dzina la amayi ake, pomwe bambo ake anali Juan Rodríguez de Silva. Munthu ankatha kusankha dzina la agogo aakazi, la amalume olemera amene amusiyira chuma, kapena la mudzi umene wachokera. Chimene chinathetsa ufulu umenewu ndi kaundula. Msonkhano waukulu wa Mpingo wa Katolika wa ku Trent unalamula mu 1563 kuti parishi iliyonse izilemba maukwati ndi maubatizo m'mabuku. Kenako boma la Spain linakhazikitsa kaundula wakewake ndi lamulo la 1870, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1871, ndipo mwambo wokhala ndi mayina awiri a makolo, la bambo ndi la mayi, unakhala wa dziko lonse. Aliyense amene akufuna kutsata dzina la García m'mbuyo ngati chingwe chosaduka ayenera kudziwa kuti akadutsa zaka za m'ma 1500, chingwecho chimatha kudumphira ku mbali ya amayi kapena kusanduka dzina lina kotheratu.

Chifukwa chachitatu n'chowawa, ndipo chinayambira mkati mwa Spain momwemo. Cha m'ma 1390, rabi wamkulu wa Ayuda a mumzinda wa Burgos, Solomon ha-Levi, anabatizidwa n'kukhala Pablo de Santa María, ndipo pambuyo pake anakhala bishopu wa mzindawo. Mbale wake, amene anadzakhala mlembi wa mbiri ya mfumu Juan II, anatenga dzina lakuti Álvar García de Santa María. Uyu ndi García amene makolo ake analibe dzinalo ngakhale pang'ono. Ayuda ataphedwa mwaunyinji m'mizinda yambiri mu 1391, ambiri anabatizidwa pofuna kupulumutsa moyo. Mu 1492 mfumu Fernando ndi mfumukazi Isabel analamula kuti Myuda aliyense abatizidwe kapena atuluke m'dzikomo, ndipo mu 1502 lamulo lofanana nalo linagwera Asilamu a ku Castile. Wobatizidwa ankatenga dzina la womuimira pa ubatizo, la bwana wake, la woyera mtima wina, kapena dzina lofala limene silikanamuonetsera pagulu. Kwa munthu amene ankaopa bwalo la tchalitchi lofufuza za chikhulupiriro, lotchedwa Inquisition, dzina lokhala ndi anthu ambiri linali pobisalira. Koma izi siziyenera kutitengera ku bodza la mbali inayo, lakuti García ndi dzina lachiyuda. Pamene Spain inkakonza lamulo la 2015 lopereka unzika kwa zidzukulu za Ayuda amene anathamangitsidwa, pa intaneti panafala mndandanda wa mayina wonena kuti aliyense wokhala ndi limodzi mwa iwo ali ndi ufulu wolandira pasipoti. Mndandandawo sunachokere ku boma, ndipo lamulolo linkafuna umboni wa makolo, osati dzina lokha. Myuda wobatizidwa anabwereka dzina kwa mnansi wake Mkhristu, choncho dzinalo silingasiyanitse zidzukulu za awiriwa.

Zimene zinachitikira Ayuda ndi Asilamu ku Spain zinachitikanso ku America, koma kwa anthu ochuluka kwambiri. Mzinda wa Tenochtitlan utagwa mu 1521, ansembe a chipani cha Franciscan anafika mu 1524 n'kuyamba kubatiza eni dziko mwachigulu, aliyense n'kumupatsa dzina lachikhristu. M'kupita kwa mibadwo anthuwa anatenganso mayina a makolo achisipanishi, ena kwa owaimira pa ubatizo, ena kwa eni minda, ena kwa wansembe amene ankalemba. Chitsanzo chomveka bwino ndi Benito Juárez, mtsogoleri wolemekezeka kwambiri m'mbiri ya Mexico. Anabadwa mu 1806 m'mudzi wa San Pablo Guelatao, m'mapiri a Oaxaca, kwa makolo a mtundu wa Zapotec, Marcelino Juárez ndi Brígida García. Anakhala wamasiye ali ndi zaka zitatu, anakula akuweta nkhosa, ndipo pamene ankatsikira mumzinda wa Oaxaca ali ndi zaka 12 anali asanadziwe bwino Chisipanishi. Komabe dzina lake lonse linali Benito Juárez García. Anthu a ku Africa amene anagwidwa ukapolo n'kupititsidwa ku Cuba, Puerto Rico, Colombia ndi Peru nawonso kawirikawiri ankalembedwa ndi dzina la amene anawagula, ndipo ukapolo utatha, ku Puerto Rico mu 1873 ndi ku Cuba mu 1886, mayinawo anatsala pa iwo ndi pa ana awo.

Ku Philippines dzanja la boma likuoneka poyera kuposa kwina kulikonse. Anthu ochokera ku Spain amene anakakhazikika pa zilumbazi anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi eni dziko, koma mayina achisipanishi ali ponseponse. Anthu ambiri obatizidwa anali atadzitengera okha mayina monga de la Cruz ndi de los Santos, ndipo m'banja limodzi munkapezeka mayina osiyana, zomwe zinkasokoneza otolera msonkho. Pa 21 November 1849 bwanamkubwa Narciso Clavería analamula kuti banja lililonse likhale ndi dzina lokhazikika, ndipo anatumiza m'zigawo buku la mayina zikwi zambiri osanjidwa motsata alifabeti. M'madera ena masamba a bukulo anagawidwa tauni ndi tauni, moti mpaka lero m'tauni ya Oas, m'chigawo cha Albay, mabanja ambiri ali ndi mayina oyamba ndi chilembo cha R. Kumene dzina la banja linkatha kuperekedwa ngati chiphaso cha msonkho, kulifunsa za magazi n'kulifunsa funso limene silingayankhe.

Pali chitsutso champhamvu chimene sindikufuna kuchizemba. Kodi mayina a makolo sanenadi chilichonse za ubale? Ndipotu anthu a ku Spain ambiri anasamukiradi ku America, n'kubereka ana kumeneko. Zimenezi n'zoona. A García ambiri a ku Mexico, Argentina kapena Cuba ali ndi kholo limene linakweradi chombo ku Seville kapena ku Cádiz, ndipo m'mudzi waung'ono wa ku Castile a García onse akhoza kukhala a agogo amodzi. Koma funso si lakuti ena mwa iwo ndi abale. Funso ndi lakuti dzina lokhalo lingatiuze zimenezo kapena ayi. Sayansi ya DNA yayankhapo. Mwana wamwamuna amatengera kwa bambo ake kachigawo ka DNA kotchedwa Y, ndipo kachigawoka kamayenda m'mibadwo njira imodzi ndi dzina la bambo. Kafukufuku wa Conrado Martínez-Cadenas ndi anzake, amene anasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya European Journal of Human Genetics, anayeza amuna oposa 2,000 a ku Spain okhala ndi mayina 37 osiyanasiyana. Anapeza kuti amuna a mayina osowa kawirikawiri amakhaladi a kholo limodzi, koma dzina likamachuluka ubalewo umachepa, mpaka pa mayina ofala kwambiri amuna ake amasiyana ngati anthu ongotoledwa mumsewu. Zimene zikalata zakale zinkasonyeza, magazi enieniwo azitsimikiza.

Chitsutso china chimachokera kwa ogulitsa zizindikiro za mabanja. M'masitolo a alendo ku Toledo ndi pa intaneti, munthu amatha kugula chithunzi cha chishango cholembedwa kuti ndi cha banja la García, nthawi zambiri chokhala ndi mbalame ya m'madzi ya mtundu wa kakowa. Mbalameyi m'Chisipanishi ndi garza, ndipo inafika pa chishangocho chifukwa dzina lake limamveka ngati García, osati chifukwa dzinalo linachokera kwa iyo. Chachikulu n'chakuti pa mwambo wa ku Spain chizindikiro chotero chimakhala cha mzere umodzi wa banja, osati cha aliyense wokhala ndi dzinalo. Olemekezeka a nthawi imeneyo ankadziwa okha kuti García palokha silisiyanitsa munthu ndi mnzake, n'chifukwa chake ankawonjezera dzina lina, monga msilikali Diego García de Paredes wa ku Trujillo. Ena angaone ngati malonda amenewa ndi masewera osavulaza munthu, koma ine ndimawaona ngati mphukira ya maganizo amene anazunzapo anthu. Kuyambira ku Toledo mu 1449, mabungwe ambiri a ku Spain anakhazikitsa malamulo a kuyera kwa magazi, oletsa zidzukulu za Ayuda, ndipo pambuyo pake za Asilamu, kulowa m'maudindo, m'makoleji ndi m'zipani za tchalitchi. Agogo ake a Teresa Woyera, Juan Sánchez wa ku Toledo, anali Myuda wotembenuka amene anaonekera pamaso pa Inquisition mu 1485, ndipo banjalo linasamukira ku Ávila kumene mbiriyo sinkadziwika. Chizolowezi choyeza ulemu wa munthu poyang'ana makolo ake chinawononga miyoyo yambiri, ndipo sichiyenera kubwereranso ngakhale chitavala mtundu wokongola wa pa chishango.

Kumbali ina kuli anthu amene amati, ngati zili choncho, dzinali kwa eni dziko a ku America, kwa zidzukulu za akapolo ndi kwa anthu a ku Philippines ndi chipsera chabe cha utsamunda, ndipo ndi bwino kulitaya. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake, ndipo amene asankha kubwerera ku dzina la makolo awo akale akuchita chinthu choyenera ulemu. Kumene anthu anakwanitsa kusunga mayina awo, mayinawo ndi chuma. Ku Peru dzina lochuluka kwambiri ndi Quispe, la chilankhulo cha Quechua, ku Bolivia ndi Mamani, ku Yucatán kuli Pech ndi Canul a mtundu wa Maya, ndipo ku Colombia mayina monga Carabalí, Lucumí ndi Mina akusungabe chikumbutso cha madera a ku Africa kumene makolo anagwidwa. Koma sindikuvomera kuti Brígida García anali ndi dzina lobwereka limene mwini wake weniweni ali ku Burgos. Taona kale kuti wa ku Burgos nayenso analitola kwa mfumu ya ku Pamplona, osadziwa n'komwe tanthauzo lake. Dzina limene banja lakhala nalo zaka 300 kapena 400, kubatizira nalo ana ndi kuikira nalo maliro, ndi la banjalo. Mwana wa Brígida anatsogolera Mexico pokana ulamuliro wa Maximilian umene France inaukhazikitsa. Ku Cuba, mkulu wa asilikali Calixto García anatha zaka 30 akumenyera ufulu wa dziko lake polimbana ndi Spain yemweyo. Dzinali silinamange aliyense wa iwo ku mpando wa ku Madrid.

Anthu olankhula Chisipanishi anapeza okha njira yokhalira ndi dzina lofala chonchi, ndipo njirayo ndi dzina la amayi. Wolemba ndakatulo Federico García Lorca, wobadwa ku Fuente Vaqueros mu 1898, amadziwika padziko lonse kuti Lorca, dzina la amayi ake a Vicenta Lorca. Pablo Ruiz Picasso anasiya Ruiz n'kumasaina zithunzi zake ndi Picasso. José Luis Rodríguez Zapatero, nduna yaikulu ya Spain kuyambira 2004 mpaka 2011, aliyense amamutcha Zapatero. Gabriel García Márquez wa ku Colombia, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1982, satchulidwa ndi García yekha, mayina onse awiri amayendera limodzi. Lamulo nalo latsatira. Kuyambira 2000 makolo ku Spain analoledwa kuika dzina la mayi patsogolo akagwirizana, ndipo kuyambira pa 30 June 2017 dzina la bambo silikhalanso patsogolo mwa lokha, makolo amayenera kusankha. Izi zikutikumbutsa kuti dongosolo la mayina ndi chinthu chopangidwa ndi anthu, chimene chinasinthapo kangapo ndipo chikusinthabe.

Choncho munthu wotchedwa García amene akufuna kudziwa kumene anachokera asayambire pa tanthauzo la dzina kapena pa chishango chogula. Ayambire kwa agogo amene ali moyo, kenako ku kaundula wa boma, kenako ku mabuku a ubatizo ndi a maukwati a parishi ya kwawo, m'badwo umodzi pambuyo pa unzake. Ngati njirayo yamufikitsa pa munthu amene anawoloka nyanja, nyumba yosunga zikalata ya Archivo General de Indias ku Seville ili ndi mabuku a anthu amene ankapatsidwa chilolezo chopita ku America. Akhoza kukapeza mlimi wa ku Extremadura, mayi wa mtundu wa Zapotec, Myuda wobatizidwa mokakamizidwa, kapolo wa m'minda ya nzimbe, kapena onsewa pamodzi. Aliyense wa iwo ndi kholo lenileni, ndipo palibe amene dzinali ndi lake kuposa mnzake. Kufufuza kotereku n'kovuta kusiyana ndi kukhulupirira nthano ya kholo limodzi lachifumu, koma ndi njira yokhayo imene imabwezera munthu makolo ake enieni, m'malo momupatsa makolo a anthu ena.